Kodi Nchifukwa Ninji Makina Amachedwa Anthu Akachuluka?

Ambiri a ife tidamvapo mawu akuti "netiweki palibe". Kwathu ku Nambuma mawuwa adatchuka kwambiri m'chaka cha 2020, pamene boma lidayambitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP. Mlimi ankagula matumba awiri a feteleza pa mtengo wa K4,495 thumba limodzi, koma asadagule, wogulitsa ankayenera kujambula chiphaso chake cha unzika kuti makina atsimikize dzina lake. M'madera ambiri makinawo ankachedwa, ndipo alimi ena ankagona pa misika pamene mvula inali itayandikira. Tsono ndafuna kuti tione pamodzi chimene chimachitika mkati mwa makina otere.

Maina a alimi sakhala m'foni ya wogulitsa ayi. Amasungidwa m'kompyuta yaikulu yotchedwa seva, yomwe ili ngati nkhokwe ya onse. Foni imatumiza funso, seva imafufuza m'mafaelo ake nkubweza yankho. Motero vuto likhoza kukhala pa njira, ndiye kuti netiweki yeniyeniyo, kapena pa nkhokwe pomwepo. Ine ndikamba za pa nkhokwe.

Seva ili ndi malire. Ili ndi purosesa yowerengera, memore yosungira zinthu kwa kanthawi, ndiponso disiki yosungira mafaelo. Mwa zitatuzi, disiki ndiyo yochedwa kwambiri. Mafunso akachuluka memore imadzaza, seva imayamba kupita ku disiki pafupipafupi, ndipo mafunso ena amaima pa mzere.

Taganizani za chigayo chimene chimagaya matini 10 pa ola. Anthu sabwera mwadongosolo: nthawi ina pali zii, nthawi ina afika asanu pamodzi. Masamu a mizere amaonetsa kuti ngati pa ola pakufika matini 5, tini lililonse limatha pafupifupi mphindi 12 pa chigayopo. Akafika 9, limatha ola lathunthu. Akafika 11, mzere umangotalika mpaka dzuwa kulowa. Onani kuti ntchito sidafike nkawiri komwe, koma nthawi yachuluka kasanu! Amene adayamba masamu amenewa ndi A. K. Erlang wa ku Denmark, yemwe m'chaka cha 1909 adalemba za kuchulukana kwa mafoni ali pa ntchito ku kampani ya lamya ya mu mzinda wa Copenhagen.

Palinso chinthu china chimene chimaonjezera mavuto. Yankho likachedwa, munthu amadinanso batani, ndipo funso limodzi limasanduka awiri kapena atatu. Makina nawonso amachita chimodzimodzi. Mwachitsanzo, njira yogawana mafaelo ya NFS, yomwe kampani ya Sun Microsystems idapanga m'chaka cha 1984, imatumizanso funso ikaona kuti yankho silikubwera. Zili ngati mayi wobwerera kwa wachigayo kawirikawiri kukafunsa za ufa wake, namuchedwetsa kugaya kumene.

Nanga mankhwala ake nchiyani? Choyamba, akatswiri amaika maseva angapo kuti azigawana mafunso, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chachiwiri, amaonjezera memore kuti zinthu zofunsidwa kawirikawiri zikhale pafupi, monga momwe amayi amasungira ufa m'nyumba m'malo mothamangira ku nkhokwe pa nsima iliyonse. Chachitatu, amauza makina kuti akalephera azidikira nthawi yotalikirapo asadafunsenso. Chachinayi sichifuna ndalama: kugawa masiku, mudzi uno lero, mudzi uwo mawa, kuti anthu asafike onse pamodzi. Koposa zonse, makina ayesedwe ndi katundu wolemera nyengo yogula isadafike.

Anzanga, nkhaniyi si ya akatswiri okha. Feteleza wochedwa ndi njala ya chaka chamawa, ndipo amene amavutika kwambiri pa mzere ndi agogo ndi amayi a ana kumsana. Ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzatumikira m'maparishi momwe anthu adzatifunsa za zinthu zotere. Tikamapita kutchuthi tiwafotokozere makolo athu kuti kudinadina sikufulumizitsa makina. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Koma nawonso oyendetsa makinawa akumbukire kuti mvula sidikira munthu.