Mpeni wa m'thumba: Uyeseni musanatulutse ndalama

Mlimi wa kwa T/A Nsabwe m'boma la Thyolo akamawerenga zida zake amatchula khasu, chikwanje, nkhwangwa ndi kheni yothirira. Mpeni wopinda umaiwalika, chonsecho ndi umene umagwira ntchito zosafuna kuphonya: kukwatitsa mapeyala, mango, malalanje ndi makademiya, kudula timitengo ta tiyi tokaika m'machubu kunazale, kudulira tomato komanso kudula luzi ndi zingwe za matumba.

Chibwerere matenda a chisaka omwe adasakaza nthochi m'madera monga Thekerani, mabanja ambiri akuyang'ana ku mitengo ina ya zipatso kuti ipereke ndalama yomwe nthochi zinkabweretsa. Mbande yokwatitsa kale ndi yodula, ndipo mlimi wodziwa kukwatitsa yekha amapulumutsa ndalama, mwinanso kugulitsako kwa anzake. Koma luso limeneli limayambira pa mpeni.

Chifukwa chake mpeni uli nkhani

Pansi pa khungwa la mtengo pali kachigawo konyowa, kobiriwira pang'ono, komwe mtengo umakulira. Pokwatitsa, kachigawo ka pa tsinde kamayenera kukhudzana bwino ndi ka pa kanthambi kamene mwatenga ku mtengo wobereka bwino. Kuti zitero, bala liyenera kukhala losalala, lotalika masentimita 3 kapena 4, lodulidwa kamodzi kokha mosabwereza.

Mpeni wobuntha umaphwanya ndi kung'amba m'malo modula. Mpeni wogwedera umasiya bala la mabampu. Mukamanga, pakati pamatsala mpata, mphepo imalowa, kanthambi nkuuma. Mwataya mbewu, machubu, manyowa ndi miyezi yothirira, ndipo mudikira chaka china. Ambiri amathawira ku lezala. Lezala amadula bwino timitengo tanthete, koma amapindika pa nthambi yokhwima ndipo sachedwa kutema chala.

N'chimodzimodzi ndi tiyi. Mbande za tiyi wamakono, monga mitundu yochokera ku bungwe la kafukufuku la Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa m'boma la Mulanje, zimachokera ku timitengo ta tsamba limodzi. Kamtengo kophwanyika podula kamaola kasanatulutse mizu. Kudulira tiyi wamkulu m'munda ndi ntchito ina, ili ndi mpeni wake waukulu wokhota. Musaphe mpeni wa m'thumba ndi ntchito imeneyo.

Zoyesa muli pamsika

Kaya mukugula pa Thekerani, pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena mu Limbe, musalole kugula mpeni uli m'pepala. Pemphani kuti muugwire.

Choyamba, utsegulireni wonse, mugwire chitsulo chakumsana ndi zala ziwiri n'kuchigwedeza uku ndi uku. Ngati chikugwedera ukadali watsopano, msomali wa pakhosi ndi wofooka ndipo pakatha mwezi udzakhala ngati dzino la mwana lofuna kuguluka.

Chachiwiri, yesani loko. Gwirani chogwirira m'mbali, zala zisakhale m'njira ya chitsulo, ndipo kanikizani msana wa mpeni pa thabwa. Mpeni wa loko suyenera kupindika mpaka mutaumasula nokha. Wopanda loko ukhale ndi sipuling'i yolimba, yomveka kuti tha! potsegula. Mpeni wodzipinda wokha pa ntchito umatsekera pa zala za mwini wake.

Chachitatu, utsekeni muone mmene wagonera. Chitsulo chilowe pakati osakhula m'mbali, ndipo nsonga ibisike yonse. Nsonga yosuzumira imaboola thumba ndi ntchafu yomwe.

Chachinayi, uyang'aneni kuchokera ku chogwirira kukafika kunsonga ngati mukuyang'ana mzere wa munda. Kukamwa kwake kukhale kowongoka, kopanda mano. Mpeni wa mano ngati sowo ndi wodulira buledi kapena chingwe, ndipo simungaunole pa mwala. Chitsulo chotalika masentimita 6 mpaka 8 n'chokwanira. Chachitali kwambiri chimavuta kuchiwongolera pa kanthambi kochepa ngati pensulo.

Chachisanu, pitani ndi kachidutswa ka nsungwi youma. Ngati wogulitsa walola, sengani kangapo kenako muyang'ane kukamwa kwa mpeni padzuwa. Pakaoneka kamzere konyezimira kapena popindika, chitsulocho n'chofewa, ndipo muzidzanola pa mtengo uliwonse. Wogulitsa wokhulupirira katundu wake sakana kuyesa kotere.

Pomaliza onani chogwirira. Chathabwa kapena chapulasitiki yolimba, chokhomedwa ndi misomali yotulukira mbali zonse ziwiri, chimakhalitsa kuposa chomata ndi guluu. Chinyowetseni pang'ono muone ngati sichikuterera. Mipeni ya zinthu zambirimbiri, ya sizasi, chotsegulira botolo ndi tochi, ikakhala yotchipa ndiye kuti ndalama yathera pa zokongoletsa, osati pa chitsulo.

Chakuda kapena chonyezimira?

Mipeni yambiri ndi ya mitundu iwiri ya chitsulo. Cha kaboni chimanoleka msanga pa mwala wamba ndipo chimathwa kwambiri, koma chimachita dzimbiri. Kuno ku Thyolo, komwe chiperoni chimatha masiku chikuwaza m'miyezi yozizira, mpeni wotere ukagona m'thumba la malaya onyowa umadzuka wofiira. Ukadula peyala kapena tiyi umada, koma kuda kumeneko si vuto, si dzimbiri.

Cholembedwa kuti stainless sichichita dzimbiri msanga, koma chotchipa kwambiri nthawi zambiri chimakhala chofewa ndipo sichisunga kuthwa. Kwa mlimi wa ndalama zochepa amene angathe kupukuta mpeni wake madzulo aliwonse, wa kaboni ndiye wopindulitsa.

Dzina lodziwika kwambiri kuno kummwera kwa Africa ndi Okapi, umene abale obwera kuchokera ku Joni akhala akubwera nawo kuyambira kale. Mpeniwu udayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen m'dziko la Germany, ndipo mu 1988 ntchito yopanga idasamukira ku South Africa. Wodziwika kwambiri ndi wa kaboni, wa chogwirira chathabwa ndi kamphete kokoka pomasula loko. Nthawi zambiri umabwera wosathwa kwenikweni, choncho muunole musanaugwiritse ntchito, ndipo pa zokwatitsa sankhani waung'ono. Dziwaninso kuti dzina lotchuka limakopa opanga zachinyengo. Chidindo pa chitsulo si umboni. Uyeseni monga mungayesere wina uliwonse.

M'masitolo ena a zipangizo zaulimi mumapezeka mipeni yopangidwira kukwatitsa, monga ya Victorinox ya ku Switzerland kapena Opinel ya ku France. Mpeni weniweni wokwatitsira umanoledwa mbali imodzi, inayo ndi yafulati, n'chifukwa chake umasiya bala losalala. Wamanzere afunse, chifukwa yambiri idapangidwira dzanja lamanja. Mtengo wake ndi wokwera kwa munthu mmodzi, koma kalabu ya nazale kapena gulu la banki m'khonde lingathe kusonkha n'kugula umodzi kapena iwiri, yogwira ntchito yokwatitsa yokha, aliyense n'kukhala ndi wake wotchipa wodulira luzi.

Kunola ndi kusamala

Mpeni wabwino wosanola umaposedwa ndi wotchipa wonoledwa. Tupa ndi ya khasu ndi chikwanje, pa mpeni imadya chitsulo chambiri. Pezani mwala wosalala, muuthire madzi, mugoneke mpeni n'kukweza msana wake pang'ono, mpata wongokwana pensulo. Kankhani ngati mukufuna kusenga mwalawo, kakhumi mbali iyi, kakhumi mbali inayo, osasintha kapendekedwe. Wa mbali imodzi munole mbali yopendekera yokha, yafulatiyo mungoipukuta pa mwala itagona. Malizani pokoka mpeni chammbuyo pa lamba wachikopa. Ukameta ubweya wa pamkono kapena kudula pepala la nyuzi osaling'amba, wathwa.

Mpeni umanyamulanso matenda. Ena a malalanje, mapeyala ndi tomato amayenda ndi utomoni wotsalira pa chitsulo. Musanachoke pa mtengo wina kupita pa unzake, pukutani ndi kansalu ka sipiliti. Ngati mulibe, sakanizani Jik muyeso umodzi ndi madzi miyeso 9, muviike, kenako mutsuke ndi madzi oyera n'kuumitsa, chifukwa Jik amadya chitsulo. Musauotche pamoto mpaka kufiira, chitsulo chimafewa osabwereranso. Koma kutsuka mpeni sikuteteza nthochi ku chisaka. Matendawa amafala ndi nsabwe zakuda za m'nthochi komanso ana a nthochi ochokera pa phata lodwala, ndipo njira yake ndi kuzula phata lonse n'kubzala mbewu yopanda matenda motsatira alangizi.

Mukaweruka, pukutani mpeni, chotsani dothi m'ngalande ya chogwirira ndi kamtengo, dontheza mafuta ophikira pakhosi ndi pa chitsulo. Msomali ukayamba kugwedera, ugonekeni pa nkhwangwa n'kuumenya pang'onopang'ono ndi hamala. Musaugwiritse ntchito ngati sikuludiraiva, potsegula chitini kapena pokumba chinangwa.

Podula, mpeni uziyenda kutali ndi zala za dzanja logwira nthambi. Mukadzicheka kwambiri, tsukani bala ndi madzi ndi sopo ndipo pitani kuchipatala, chifukwa bala lolowa dothi lingayambitse kafumbata. Usungeni patali ndi ana, ndipo popita kumowa kapena ku bwalo la mpira usiyeni kunyumba.

Amene akufuna kuphunzira kukwatitsa afunse mlangizi wa zaulimi wa dera lawo, kapena akafike ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe, omwe ndi a mbewu za zipatso ndi zamasamba. Musanakhudze mbande zanu, yesererani pa nthambi za bulugamu kapena gwafa mpaka bala lizituluka losalala ndi kudula kumodzi.