Galimoto yoima imadya ndalama

Ndikauza achibale kuti ndimayang'anira zachuma pa kampani yogulitsa magalimoto, amaganiza kuti ndimakhala pambali pa sefa n'kumamanga mitolo ya ndalama ndi mphira. Mayi anga mpaka lero amauza anzawo a kumpingo kuti mwana wawo ndi kalaliki. Ndinasiya kuwatsutsa.

Sabata yanga yoyamba sindinagwire ngakhale tambala. Anandipatsa faelo, nati ndipite pabwalo ndikafananize manambala a chesisi a magalimoto osagulidwa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinanyinyirika. Mayeso onse a akawunti aja ndinalembera zimenezi? Bwana wanga anandipeza pa pikapu yoyera imene inali itaima miyezi isanu ndi iwiri, matayala atayamba kuphwa. "Achimwene, iyi ikukudyerani malipiro," anatero. Tinaigula ndi ngongole ya kubanki, chiwongoladzanja chinkakwera tsiku lililonse, ndipo mtundu watsopano ukangofika, mtengo wake ugwa.

Akuluakulu a zachuma kumakampani opanga magalimoto amalimbana ndi pikapu yomweyo, kungoti yawo ndi ya mabiliyoni. Ndalama zopangira galimoto yatsopano zimatuluka lero, koma galimotoyo imafika pamsika patatha zaka zitatu kapena zinayi. Ikagulidwa nkhani sinathe: muyenera kuika padera ndalama za walanti, zokonzera zimene sizinawonongeke n'komwe.

Taonani njira ya Dhivya Suryadevara. Anabadwira ku Chennai, m'dziko la India, anaphunzira zamalonda ku University of Madras, kenako MBA ku Harvard. Mu Seputembala 2018, ali ndi zaka 39, anakhala mkulu wa zachuma wa General Motors (GM), mayi woyamba pampandowo. Anthu amathamangira dzina la Harvard, koma ine chimandikoka ndi kumene anakhwimira: ku thumba la penshoni la kampaniyo, la madola pafupifupi mabiliyoni 85. Achinyamata ambiri amene ndimawalemba ntchito angathawe kumeneko, amati n'kwa madala. Komatu malonjezo a kampaniyo kwa antchito opuma anali m'gulu la katundu amene anaigwetsa mu Juni 2009, mpaka boma la America linachita kuidzutsa. Amene wamvetsa ngongole ya kwa anthu okalambawo wagwira mtsempha wa kampani.

Kenako Suryadevara anagwira nawo ntchito yogulitsa kampani ya magalimoto ya Opel kwa PSA ya ku France mu 2017. GM inali ndi Opel kuyambira 1929, ndipo kwa zaka zambiri zomalizira inkangoluza. Kusiya chinthu chotero n'kovuta kuposa kugula chatsopano, chifukwa nthawi zonse pamakhala wina woti "tiyeni tidikire chaka chimodzi".

Njira si imodzi. Chuck Stevens, amene Suryadevara anamulowa m'malo, anakhala m'kampani yomweyo zaka 40, kukwera pang'onopang'ono. Sergio Marchionne anayamba ngati akawuntanti ku Canada, n'kudzatsogolera Fiat mu 2004.

Mbali imene sitikonda kuitchula ndi iyi. Suryadevara asanathe miyezi itatu pampando, GM inalengeza kuti isiya kupanga magalimoto m'mafakitale angapo, kuphatikizapo ya ku Lordstown, Ohio, kumene Chevrolet Cruze yomaliza inatuluka mu Malichi 2019. Chigamulo sichinali chake yekha, koma manambala otere amadutsa pa desiki ya wazachuma, ndipo kuseri kwa nambala iliyonse kuli banja. Iye anachoka mu 2020 kupita ku Stripe, kampani ya zolipira pa intaneti.

Pikapu ija tinaigulitsa mwezi wachisanu ndi chinayi, pamtengo wotsika kuposa umene tinagulira. Woyang'anira malonda ankafuna tidikirebe nyengo yogulitsa fodya. Bwana anandiuza ndiwerengere mtengo wa kudikirako, ndipo pepala langa ndi limene linapita kwa akuluakulu. Woyang'anira malondayo sanandipatse moni sabata ziwiri.