Kodi agogo akumva zotani pa foni yanu?

Tsiku la msika mukafika pa Lizulu kapena pa Biri-Biri, taimani pang'ono pamalo otchajira mafoni. Mudzaona mafoni ali mbwee pathebulo, ena a mabatani, ena akuluakulu osisita ndi chala. Eni ake ndi a misinkhu yonse. Chiyambire 2012 pamene Movitel inayamba kuzika milongoti yake m'midzi, foni inasiya kukhala ya aphunzitsi ndi amalonda okha. Kuno kumalire ambiri tili ndi masimu awiri, ya Movitel kapena Vodacom, ina ya Airtel kapena TNM, ndipo uthenga umawoloka malire osaonetsa chiphaso kwa wina aliyense.

Koma kodi munaonapo kuti foni yomweyo sitiigwiritsa ntchito mofanana?

Tiyambe ndi ife achinyamata, poti inenso ndili momwemo. Ife ndi Facebook ndi TikTok. Timagula mamega a usiku poti ndi otsika mtengo, n'kufunda bulangete mpaka kumutu, chala chili pagalasi mpaka tambala woyamba. Mukatifunsa m'mawa zomwe taonera, sitikumbuka. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, koma ife timadzuka mutu uli waa, n'kukakwera njinga yamoto kunyamula anthu pamsewu. Chimene sitinena n'chakuti nthawi zambiri sitisangalala n'komwe. Umaona mnzako amene munali naye kalasi imodzi wajambulitsa atatsamira galimoto ku Johannesburg, iwe uli kudimba kuthirira mbatata ya kachewere, mtima n'kuyamba kuwawa. Galimotoyo mwina ndi ya abwana ake, koma usiku ndi tulo tosakwana zimenezo suziganiza. Ena athu agwera m'juga ya pa foni, ndalama ya feteleza n'kuthera momwemo. Ngati mwana wanu wasiya kudya bwino, sakucheza ndi anzake, akungodzitsekera m'nyumba ndi foni, musafulumire kumunena ulesi. Khalani naye pansi mumufunse.

Abambo ndi amayi a zaka za m'ma 40 ndi 50 alibe nthawi yotaya chotero. Kwa iwo foni ndi khasu. Pa WhatsApp amafunsa mtengo wa chimanga ku Ulongwe, amalandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, ali m'gulu la mpingo, la banki ya m'mudzi ndi la abale lolengezerana maliro. Mamega akatha sadandaula kwenikweni. Vuto lawo ndi limodzi: dzanja lofulumira. Uthenga ukangofika wonena kuti tumizani kwa onse amene mumawakonda, iwo atumiza kale asanaumve mpaka kumapeto, poganiza kuti akuchenjeza abale.

Tsono agogo. Kwa ine awa ndiwo amasangalala kuposa tonsefe, ngakhale amaigwira foniyo mwina kawiri pa mlungu, yobwereka kwa mdzukulu. Agogo anga sadziwa kuwerenga, koma akamva mawu a mwana wawo wa ku Tete amati ndiwabwezere katatu, ndipo tsiku limenelo nsima amadya yambiri. Mdzukulu wobadwira kutali amamuona nkhope, namuimbira nyimbo pa foni pomwepo. Kusungulumwa kumadwalitsa okalamba, choncho musawamane mwayi umenewu ati chifukwa akutha mamega.

Pomwepo ndi pamene pali ngozi. Agogo anakula akumvera wayilesi, ndipo kwa iwo mawu otuluka m'kabokosi ndi mawu oona. Sadziwa kuti kuno ku wayilesi nkhani ya matenda sitiiulutsa tisanafunse a zaumoyo, pamene mawu a pa WhatsApp angajambulidwe ndi munthu aliyense, ngakhale woledzera ali pansi pa mtengo wa mango. Akangoyamba ndi kunena kuti ine ndine dokotala, osatchula dzina kapena chipatala, agogo akhulupirira. Ndipo kumbukirani kuti pakhomo amene amalamula ngati mwana apite kuchipatala kapena ayi nthawi zambiri ndi agogo omwewo.

Izi si nthano. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi Phalombe m'dziko la Malawi. Mu 2022 matenda a poliyo atapezeka ku Lilongwe kenako m'chigawo chathu cha Tete, a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi madontho a katemera, koma makomo ena anawapeza otseka chifukwa cha zomwe eni ake anamva kuti katemera amatseka mimba. Madonthowo satseka mimba, amateteza mwana kuti asapuwale miyendo. Kolera itavuta mu 2023, m'madera ena a dziko lino anthu anaukira atsogoleri ndi a zaumoyo powanamizira kuti ndiwo akufalitsa matendawa ndi mankhwala othira m'madzi. Mu Epulo 2024 anthu opitirira 90, ambiri a iwo ana, anamira pafupi ndi Ilha de Moçambique, ndipo akuluakulu a boma anati anakwera bwatolo pothawa mphekesera za kolera. Chonsecho kolera imabwera ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Certeza kapena WaterGuard amapha tizilomboto, saika matenda m'chitsime.

Palinso mauthenga aja otsatsa mankhwala a zitsamba akuti amachiza edzi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zonse pamodzi, m'botolo limodzi. Amene amawakhulupirira kwambiri ndi akuluakulu otopa ndi kumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku. Kutopako n'komveka. Koma mankhwala ochiziratu HIV sanafike pamsika uliwonse, ndipo munthu akasiya ma ARV kachilombo kamachulukanso m'thupi mwakachetechete, n'kudzaonekera atafooka kale.

Apa achinyamata tili ndi mlandu. Ife timatha kuzindikira kanema wopeka, timadziwa kuti chithunzi cha chaka chatha ku dziko lina chimatha kubwera ngati cha dzulo ku Dedza, timadziwanso kuti masiku ano kompyuta imatha kutsanzira mawu a munthu. Koma timangoseka, n'kuwasiya amayi akutumiza, agogo akukhulupirira. Ena timaopa kuoneka amwano. Kuwongola wamkulu sikufuna kukuwa. Auzeni kuti, agogo, tiyeni tifunse kaye kuchipatala tisanauze anthu ena. Nanunso akuluakulu, mdzukulu akakuuzani zimenezi musamuyese wopanda ulemu, ndipo mukamuona akuwala nkhope ndi foni pakati pa usiku, ufulu womuuza kuti agone ukadali wanu.

Mukalandira uthenga wa matenda kapena mankhwala, funsani kuti wayankhulayo ndani, ali kuti, ndipo wanena liti. Ngati mayankho palibe, usapitirire pa foni yanu. Pitani nawo kwa wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena kuchipatala tsiku la sikelo. Mukhozanso kubwera nayo foniyo kuno ku wayilesi. Tidzaumvera limodzi, tidzafunsa anamwino, ndipo yankho lake tidzaliulutsa m'chinenero chathu kuti agogo alimve ndi makutu awo.