Moto wa ku Magomero unayambira pa matchalitchi audzu

M'tauni ya Mangochi, pambali pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, pali mfuti yaikulu imene akabaza amangoidutsa osaicheukira n'komwe. Inali ya sitima ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani ku Liuli, kutsidya kwa nyanja. Nkhondo ya azungu inali itafika, ndipo padoko la Fort Johnston, Mangochi wa lero, m'pamene asilikali ndi amtengatenga ankakwerera sitima kupita kumpoto.

Ku Chiradzulu, m'busa John Chilembwe sanaugwire mtima. Analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akukafera nkhondo yosawakhudza. Komatu chilonda chake chinali chakale.

Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, nakaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe mothandizidwa ndi Abaptisti achikuda a ku America, amene anamutumiziranso amishonale L. N. Cheek ndi Emma DeLany. Mishoniyi inayandikana ndi esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo okhala pogwira thangata.

Eni esitetiyo sankafuna sukulu kapena tchalitchi cha PIM pamalo awo. Akhristu akamanga kanyumba kopemphereramo, ka mitengo, dothi ndi udzu, woyang'anira esiteti William Jervis Livingstone ankalamula kuti katenthedwe. Kanyumba kotere kanalibe chuma choti munthu n'kuchitira kaduka. Chimene ankaopa n'chimene chinkachitika m'katimo: mwana wa wathangata ankaphunziramo kuwerenga ndi kuwerengera, bambo wake n'kumamva munthu wakuda mnzake akulalikira kuti pamaso pa Mulungu iye ndi bwana n'chimodzimodzi. Wodziwa masamu savuta kuzindikira kuti masiku a thangata amuwonjezera.

Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira. Azungu atatu anaphedwa, Livingstone ali m'gulumo. Boma linabwezera mopyola muyeso: ambiri anawomberedwa kapena kunyongedwa, Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe, chimene akhristu anachikhetsera thukuta, asilikali anachiphulitsa.

Abale a Abaptisti omwe anathandiza Chilembwe anakumana ndi nkhanza yomweyi kwawo. Lamulungu pa 15 Sepitembala 1963, a gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan anaphulitsa bomba pa 16th Street Baptist Church mumzinda wa Birmingham, Alabama, kumene anthu akuda ankasonkhanira pomenyera ufulu wawo. Atsikana anayi anafa, atatu a zaka 14 ndi mmodzi wa zaka 11. Chilungamo chinachedwa mochititsa manyazi: woyamba mwa ophulitsawo anapezeka wolakwa mu 1977, ena awiri mu 2001 ndi 2002.

Ku Mbombwe mishoni inakhala yotseka zaka zoposa khumi. Amene anaitsegulanso mu 1926 ndi Dr Daniel Sharpe Malikebu, mwana wasukulu wa PIM yemwe anakaphunzira udokotala ku America. Iye anamanga tchalitchi china cha njerwa, ndipo kumeneko n'komwe Amalawi amasonkhana chaka ndi chaka pa 15 Januwale kukumbukira Chilembwe.