Zaka sizitiuza amene adzatsalire madzi akadzasefukira

Ife amene timaona odwala achikulire, chinthu choyamba chimene timalemba m'kabuku ka kuchipatala ndi zaka za munthu, komatu pa zonse zimene timalembazo, zakazo ndi zimene zimatithandiza pang'ono kwambiri. Boma limawerengera ukalamba kuyambira pa zaka 60, ndipo agogo ena a ku Chikwawa ndi ku Nsanje zaka zimene zinalembedwa pa chitupa cha unzika mu 2017 zinali zongoyerekeza. Ngakhale zitakhala zoona, pali agogo a zaka 75 amene amapalasa bwato pa Shire ndi kulima kudimba, pamene ena a zaka 62 malungo a masiku atatu amawagoneka mwezi wathunthu. Chimene chimawasiyanitsa ndi mphamvu zimene thupi lasungako zodzagwiritsa ntchito pa tsiku la mavuto. Zili ngati nkhokwe: makomo awiri akhoza kumadya mofanana lero, koma njala ikafika ndi pamene zimadziwika kuti kwina m'nkhokwe munali mbee. Kutha kwa mphamvu zosungidwazi ndiko timakutcha kufooka kwa paukalamba, ndipo kumayezeka.

Njira yodziwika kwambiri inafalitsidwa mu 2001 ndi Linda Fried ndi anzake a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America. Amayang'ana zinthu zisanu: kuonda mosafuna ndi makilogalamu pafupifupi 4.5 pa chaka, kutopa kosatha, kuchepa mphamvu pofinya ndi dzanja, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kusiya ntchito zimene munthu ankagwira. Wopezeka ndi zitatu kapena kuposa ndiye wofooka. Wa chimodzi kapena ziwiri wayamba kulowera komweko, ndipo ameneyu ndiye timamufuna kwambiri chifukwa akhoza kubwerera. Mu 2005 Kenneth Rockwood wa ku Canada anabweretsa muyeso wina umene umangodalira kuona ndi kufunsa zimene munthu amatha kudzichitira yekha. Pasakhale woopa mayinawa, chifukwa zida zake n'zapakhomo pomwe. Lembani mzere pansi, mupime mamita 4. Agogo akatha masekondi opitirira 5 kuti afike kumapeto, akuyenda monga mwa nthawi zonse, mpofunika kuwaunika bwino. Bungwe la WHO, m'buku lake la 2019 la kasamalidwe ka achikulire, limati munthu adzuke pampando kasanu osagwirira, ndipo athe kutero m'masekondi 14. Wotchi ya pafoni, mpando, chingwe ndi sikelo, basi.

Kuchigwa cha Shire kuno muyeso umenewu ndi nkhani ya moyo kapena imfa. Madzi anasefukira mu Januwale 2015, kenako kunabwera anamondwe: Idai mu Marichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Marichi 2023. Shire ndi Ruo zikadzaza usiku, munthu wa ku Makhanga amapulumuka ndi miyendo yake kapena pamsana pa wina. Amene amalephera mamita 4 pabwalo louma sangayende m'matope kukafika kumtunda, ndipo akafika pamsasa ngati wa ku Bangula, kutsegula m'mimba kumene mnyamata amachira m'masiku awiri iye kumamutengera kumanda. Dzuwa la mu Okotobala ndi Novembala ku Ngabu, limene limapitirira madigiri 40, nalonso limagwetsa anthu omwewa, chifukwa ludzu salimva msanga. Makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi akalemba okalamba onse pamndandanda umodzi, mndandandawo umatalika mpaka kusowa ntchito. Bwato ndi limodzi. Chofunika ndi kudziwa makomo angapo amene liyenera kuyambira.

Ena amati ukalamba si matenda, nanga n'kuyezeranji chinthu chopanda mankhwala? Apa ndiye ndimatsutsa kwambiri. Tikafufuza chimene chafooketsa munthu, nthawi zambiri timapeza chinthu chochizika chimene chinabisala kuseri kwa mawu oti "ndi ukalamba basi". Kumakhala kuchepa kwa magazi, TB, shuga, HIV imene palibe anaganiza zowayeza chifukwa cha imvi, ng'ala imene yawatsekera m'nyumba, mano otha amene akuwalepheretsa kutafuna, kapena mankhwala a BP amene akuwachititsa chizungulire. Minofu imabwerera ngakhale pa zaka 80 munthu akamaigwiritsa ntchito ndi kudya nsomba, nyemba, nandolo kapena mkaka. Chodabwitsa n'chakuti chikondi chathu chomwe chimaononga nthawi zina: tikamalanda agogo khasu ndi tsache kuti apume, timafulumizitsa kufookako.

Chitsutso china chili ndi mfundo, ndipo sindichikana chonse. Miyeso imeneyi anaikonzera anthu a ku America ndi ku Canada. Kuno munthu akhoza kuonda mu Febuluwale chifukwa mapira sanache, osati chifukwa thupi latha. Mafunso a kunja okhudza masewera olimbitsa thupi alibe tanthauzo kwa mayi amene amatunga madzi pamjigo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa agogo athu sanapondepo pasikelo chaka chatha kuti tidziwe kuti atsika bwanji. Komabe zimenezi sizikutanthauza kuti tisiye kuyeza. Tifunse za kutunga madzi, kusinja, kufika kutchalitchi kapena kumsika wa ku Nchalo, ndipo timuyerekeze munthu ndi mmene analili iye mwini miyezi 6 yapitayo. Amene chaka chatha ankadzuka pamphasa yekha koma lero akufuna womukoka, wasintha, kaya mabuku a kunja akuti chiyani.

Mantha amene ndimawamva ndi akuti kulemba munthu kuti ndi wofooka kukhoza kusanduka chifukwa chomumanira thandizo, makamaka m'dziko limene okalamba amanamiziridwa ufiti. Muyesowu ntchito yake ndi kuika munthu patsogolo pamzere, kusintha mlingo wa mankhwala, kumukonzekeretsa bwino asanapite ku opaleshoni, ndi kuthandiza posankha makomo olandira Mtukula Pakhomo, pulogalamu imene imaganizira kale mabanja opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Wougwiritsa ntchito pobweza wodwala waupotoza.

Alangizi a zaumoyo ali kale ndi ntchito yambiri, ndikudziwa, koma kuyeza agogo mmodzi kumatha mphindi zochepa, ndipo masiku a sikelo ya ana, ena mwa obweretsa anawo amakhala agogo omwewo. Ndikupempha akuluakulu a zaumoyo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, pamodzi ndi mafumu athu, kuti mvula isanayambe, mudzi uliwonse wa m'mbali mwa Shire, Ruo ndi Mwanza ukhale utayeza achikulire ake, ndipo mayina a ofookawo akhale m'manja mwa komiti ndi eni mabwato.