Akulu a Sukulu za Ntchito Zamanja Nawonso Amafuna Kalabu

Ramotswa ndi mudzi waukulu wa Abalete, pamtunda wa makilomita pafupifupi 35 kummwera kwa Gaborone, m'mbali mwa mtsinje wa Ngotwane umene umalekanitsa Botswana ndi South Africa. Ambiri amaudziwa chifukwa cha chipatala cha Bamalete Lutheran ndiponso mfumu yake yaikazi, Kgosi Mosadi Seboko, amene analongedwa ufumu mu 2003. Komweko kulinso Tswelelopele Brigade, imodzi mwa sukulu za ntchito zamanja zimene ku Botswana amazitcha mabulugedi.

Mabulugediwa anayamba mu 1965 ku Serowe. Anawayambitsa ndi Patrick van Rensburg, mzungu wa ku South Africa amene anasiya ntchito yaukazembe chifukwa chodana ndi tsankho la kwawo. Maganizo ake anali akuti mnyamata aphunzire kumanga akumanga nyumba yeniyeni ya munthu, ndipo ndalama zolipidwazo ziyendetse sukulu. Midzi ina itaona, inatsegula yakeyake, uliwonse ndi komiti yake ya anthu akumudzi.

Tsono taganizani za munthu amene amuika kukhala mkulu wa sukulu yotere. Kawirikawiri amakhala mmisiri: dzulo anali ndi levulo ndi mpeni womangira m'manja, kapena pulena ndi sikweya. Lero amupatsa makiyi a ofesi, buku la ndalama ndi aphunzitsi oti awayang'anire. Khoma lopendekeka amaliona ali patali, koma bajeti yopendekeka sanaphunzire kuiona. Simenti yaumira m'sitolo chifukwa anaigula yambiri nthawi ya mvula. Makina opalira matabwa angokhala chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosapezeka pafupi. M'mudzi monse palibe wina amene amagwira ntchito ngati yakeyo, woti n'kumufunsa madzulo. Ndiye pamene pamafunika bungwe la akulu a sukulu zotere.

Aliyense amene anakulira kumudzi kwathu amaidziwa kalabu ya alimi. Membala aliyense ali ndi munda wake, nkhokwe yake, ndipo palibe amene amamuuza tsiku lokolola. Koma alangizi akabwera amafikira ku kalabu, sayenda khomo ndi khomo. Ngongole ya feteleza imatuluka m'dzina la kalabu. Mbewu yatsopano amayamba kuiona pamunda wachionetsero wa mnzawo. Bungwe la akulu a sukulu za luso limayenda chimodzimodzi: sukulu iliyonse ndi munda wa mwini wake, koma pali zinthu zimene munthu sangazipeze ali yekha.

Ku Botswana zimenezi anaziona msanga. Mabulugedi atachuluka, panakhazikitsidwa komiti ya dziko lonse yotchedwa National Brigades Coordinating Committee, momwe oimira mabulugedi ankakhalira pamodzi ndi a boma. Ku Gaborone kunalinso likulu lotchedwa BRIDEC, lomwe linkaphunzitsa ogwira ntchito m'mabulugedi ndi kuwathandiza pa kayendetsedwe ka sukulu ndi ka ndalama. Amenewo ndiwo anali alangizi a kalabuyo.

Kwa ine, phindu lalikulu la bungwe lotere ndi la munda wachionetsero uja, ngakhale silimalembedwa m'malipoti. Mkulu wa sukulu ina akayendera mnzake amaona ndi maso zinthu zimene kalata singamuuze: momwe anapachikira zipangizo pakhoma, chilichonse pamalo pojambulidwa chithunzi chake, kuti sipanala ikasowa ionekere pomwepo; momwe amadulira zitsulo zophunzitsira kuwotcherera kuti zotsala zisatayike; momwe anagwirizanirana ndi eni magalaja kuti ophunzira akayesere ntchito osati kumangotumidwa kukagula chakudya. Akabwerera amakhala ndi nambala ya foni ya munthu amene anakumanapo ndi vuto ngati lake. Tsiku limene makina aja afa, amaimbira mnzakeyo n'kumva kuti kachitsuloko kali ndi mmisiri amene amakasula ku Lobatse kapena ku Johannesburg. Zimenezi zimapulumutsa teremu yathunthu ya ana.

Kenako pali nkhani ya pakamwa pamodzi. M'zaka zoyandikira 2010 boma la Botswana linatenga mabulugedi m'manja mwa makomiti akumudzi n'kuyamba kuwayendetsa lokha. Malipiro a aphunzitsi anakhazikika, koma mkulu wa sukulu anasanduka wantchito wa boma, ndipo wantchito wa boma sadzudzula unduna ali yekha. Maphunziro ayeneranso kuvomerezedwa ndi Botswana Qualifications Authority, imene inalowa m'malo mwa BOTA mu 2013, ndipo mayeso a amisiri kwa zaka zambiri akhala akudutsa ku Madirelo, ku Gaborone. Lamulo latsopano likatuluka lofuna zipangizo zimene sukulu zilibe, mmodzi akadandaula amati ndi waulesi. Akalemba onse kalata imodzi, unduna umaitana msonkhano. Apa tisasokoneze ndi bungwe lomenyera ufulu wa apantchito ngati TAWU, limene nkhani yake yaikulu ndi malipiro ndi momwe aphunzitsi akugwirira ntchito. La akulu a sukulu limalankhula za silabasi, mayeso, zipangizo ndi kumene ana akapite akamaliza.

Kunja kwa malire kuli kalabu yokulirapo. Mu 1978 sukulu za luso za m'maiko a Commonwealth mu Africa zinapanga bungwe la CAPA, lomwe likulu lake lili ku Nairobi ndipo masiku ano limatchedwa ATUPA. Limachititsa misonkhano ndi maphunziro a utsogoleri. Ndinene pang'ono apa: misonkhano ya m'mahotela ndi yabwino, koma ikangosanduka yokatolera alawansi ndi zikwama zolembedwa dzina la bungwe, mwana wa kukalasi ya ukalipentala sapindulapo kanthu.

Kwathu nkhaniyi si yachilendo. Bungwe loyang'anira maphunziro a luso la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limalandira kuchokera kwa olemba anthu ntchito ndalama yokwana 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Makoleji akale monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Livingstonia ali ndi akulu amene anazolowerana. Koma kuyambira 2015 kwabwera makoleji a m'madera, ena ali kutali ndi tauni, ndipo akulu ake ena ndi amisiri amene angokwezedwa kumene. Amenewa ndiwo akufunika mnzawo wa ku Soche kapena ku Namitete woti awaonetse momwe amalembera pempho la zipangizo kuti lisabwezedwe.

Chimene chimagwetsa mabungwe otere ndi chomwe chimagwetsa makalabu a alimi: ndalama yaumembala. Sukulu zikuluzikulu zimalipira, zing'onozing'ono zimati tidzapereka boma likatipatsa. Mlembi amayamba kugwiritsa ntchito mayunitsi akeake poimbira anthu, msonkhano wa pachaka umadumpha chaka, ndipo mkulu watsopano amene waikidwa ku sukulu ya kumudzi amatha miyezi osadziwa kuti bungwelo lilipo.