Ndani amaimitsa kafukufuku wa mankhwala?

Septrin amene mayi wa ku Chanyanya, ku Zambia, amalandira kukiliniki kuti azimwetsa mwana wake yemwe ali ndi HIV anavomerezedwa chifukwa cha kafukufuku amene anaimitsidwa nthawi yake isanakwane.

Mu 2001, pachipatala cha UTH ku Lusaka, Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake anayamba kafukufuku wotchedwa CHAP pa ana oposa 500 azaka 1 mpaka 14. Mwamaere, ana ena ankamwa Septrin, ena zofanana naye maonekedwe koma zopanda mankhwala. Makolo ngakhalenso madokotala sankadziwa kuti mwana uyu akumwa ziti. Ololedwa kuona zotsatira kafukufuku ali mkati anali komiti yoima payokha ya madokotala ndi akatswiri a ziwerengero. Mu Okutobala 2003 komitiyo inati basi, ana onse apatsidwe Septrin. Mwa ana 100 alionse, omwalira anali 28 kwa omwa mankhwala ndi 42 kwa enawo.

Pakafukufuku wotere samangowerenga maliro. Amawerenganso nthawi imene mwana aliyense wakhala ndi moyo chilowereni. Tiyerekeze kuti banja lasamukira kumisasa ya asodzi kumtsinje wa Kafue mwana atatsatidwa miyezi 10, osaonekanso. Mwanayo salembedwa kuti wamwalira, komanso dzina lake silifufutidwa. Miyezi 10 ija imalowa m'kaundula monga nthawi imene tikudziwa kuti anali moyo, ndipo kuchokera pamenepo amachotsedwa pa chiwerengero cha otsala. Njirayi anaifalitsa Edward Kaplan ndi Paul Meier mu 1958.

Nanga bwanji komitiyo isamaone sabata iliyonse, kuti ipulumutse ana msanga? Funsoli n'lomveka, koma mwayi umanyenga. Imfa zingapo zikhoza kungochitika mbali imodzi mwezi umodzi. Ukaona kamodzi, mpata wonena kuti mankhwala opanda ntchito akuthandiza amauika pa 5 mwa 100. Ukaona kasanu ndi muyeso womwewo, mpatawo umafika pafupifupi 14 mwa 100. N'chifukwa chake nthawi zoonera ndi malire oimitsira zimalembedwa kafukufuku asanayambe. Njira ya O'Brien ndi Fleming ya 1979 imafuna umboni waukulu kwambiri koyambirira, kenako n'kumafewa zotsatira zikamachuluka. Ine ndimaona kuti udindo wa komitiyi ndi wolemera kuposa wa wina aliyense: ikachedwa ana amafa osalandira mankhwala abwino, ikafulumira dziko lonse limagawa mankhwala osathandiza.

Ku Zambia, lamulo la 2013 linakhazikitsa National Health Research Authority, ndipo kafukufuku aliyense wa zaumoyo ayenera kuvomerezedwa ndi bungweli komanso komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku. Ofufuza akafika ku Chanyanya ndi mafomu, muli ndi ufulu wokana kapena wotuluka nthawi iliyonse popanda kumanidwa chithandizo kukiliniki. Musanasaine kapena kudinda chala, afunseni kuti ndani adzaona zotsatira kafukufuku ali mkati, adzaona kangati, ndiponso ngati mwana wanu adzapatsidwa mankhwalawo akapezeka kuti ndi abwino.